Amene Ananeneza Misozi ya aNagama

Loweruka lapitali tinali kumanda kumudzi kwathu, kuseri kwa phiri ukadutsa pa Kasakula, kumanga chiliza cha aNagama. Chaka chatha chimwalirireni. Mmisiri atafunsa mawu oti alembe simenti isanaume, tinangoyang'anana. Wina anati tilembe zimene zimalembedwa pa ziliza zonse, dzina ndi mawu ofunira mtendere, ndipo tinatero, poti simenti siyembekeza anthu okangana. Koma ine ndabwerera ku makina anga osokera mawu ali tho kukhosi, ndiye ndati ndiwatule pano.

ANagama anali mkazi wa atsibweni anga, aphunzitsi a Yosiya. Kwawo kunali cha ku Mvera. Kwathu kuno anabwera chitengwa ali mtsikana, atsibweni atawapempha kwa makolo awo kuti adzakhale nawo pafupi ndi sukulu. Tsono mtengwa, ngakhale amere imvi pamudzi, amakhalabe mlendo. Munda si wake, nyumba yaima pa dothi la eni, ndipo mwamuna akatsogola, eni mbumba akhoza kumusudzula n'kumuuza kuti wagwira ntchito, akapume kwawo. Chimene chimamugwira mtengwa pamudzi ndi ana. ANagama anabereka awiri, koma onse anagona ali aang'ono, ndipo ali pansi pa mitengo ya kumanda komweko. Izi muzisunge, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa.

Anali aafupi, oyenda mofulumira, a duku loyera losadetsedwa ngakhale m'nyengo ya fumbi. Koma chimene mlendo ankayamba kuona pa iwo ndi maso: ofiira, ophethira pafupipafupi ngati a munthu amene mwamulowa mchenga. Chachiwiri chinali kabotolo ka madzi. Ankakamanga pa ngodya ya chitenje, pamene amayi ena amamangapo fodya wa m'mphuno, ndipo sankapita kulikonse popanda iko, kaya kudimba, kaya kutchalitchi. Akayamba nkhani, isanafike pakati lilime linkamata, mawu n'kusasa. Ankakweza chala kuti tidikire, n'kumwa pang'ono, n'kupitiriza pomwe anasiyira. Tinazolowera kumva nkhani zawo modukizadukiza, moti mpaka lero ndikamva munthu akufotokoza osapuma ndimamukayikira.

Kuumaku sikunabwere tsiku limodzi. Kunayamba cha m'zaka zimene mkazi amasiya kusamba, n'kumakwawa pang'onopang'ono. Malovu ndiwo anayamba kuchepa, misozi n'kutsatira. Chimanga chokazinga anachileka, mtedza wokazinga anauleka, chigumu chimene ankachikonda ankangochinunkhiza n'kupatsa ana. Therere ndilo linasanduka bwenzi lawo, ndipo mbamu iliyonse ankaiperekeza ndi madzi. Mano anatha limodzilimodzi. Nthawi zina masaya ankatupa ngati a mwana wa matsagwidi, ndipo m'miyezi yozizira mfundo za zala zinkafufuma moti kumanga batani kunkawakanika.

Iwo ankaziseka. Ankati Mulungu anawachitira chifundo chachilendo, chifukwa munthu wopanda malovu sangamezere malovu chinthu cha mwini. Ankatinso miseche ndi ntchito yofuna pakamwa ponyowa, choncho iwo anapuma pa ntchitoyo asanaiyambe n'komwe. Koma anthu sankaseka nawo nthawi zonse. Kwathu chilichonse chimene munthu achita mosiyana ndi anzake chimapatsidwa dzina. Pophikira panja, kumbali yochokera mphepo kuti utsi usawapeze, anthu ankati mkazi wa aphunzitsi safuna kununkha khitchini. Atasiya kulowa m'chigafa posankha fodya, poti fumbi lake linkawaotcha m'maso, ankati ndi ulesi. Za mano ankati ankabisa shuga wa aphunzitsi n'kumabwira okha.

Mkangano wawo wotchuka unali ndi mkulu wina wa mpingo. Tsiku la mgonero anawaona akumwa m'kabotolo mkate utangoperekedwa, chikho chisanafike, ndipo mapemphero atatha anawaitanira kuseri kwa tchalitchi. ANagama anagwada bwinobwino, anamvetsera ulaliki wonse wa kulemekeza gome la Ambuye, kenaka anati, "Abambo, mkate uja sutsika. Kodi mukufuna nditsamwe ndifere pa benchi, kuti mudzauze anthu kuti ndinadya mosayenera?" Mkuluyo anakanda m'mutu. Anagwirizana kuti azinyema kachidutswa n'kukasunga m'kamwa mpaka chikho chifike. ANagama anavomera, koma kabotolo sikanachoke pachitenje, ndipo mkuluyo anaphunzira kutsinzina nthawi yaitali popemphera.

Kusoka kumene ndikudyera leroku ndinakuphunzira pakhonde pawo. Ulusi sankatha kuunyowetsa okha, ndiye ankandipatsa nsonga yake: "Tanyambita apa, iwe Nabanda, uli ndi malovu a mudzi wonse." Misozi nayo ndinali nayo ya mudzi wonse. Ine ndinabadwa ndi misozi yapafupi. Nyimbo ikakoma ndimalira, mbuzi ikabereka mapasa ndimalira, munthu akandithokoza kwambiri ndimalira. Ankandiseka kuti mvula ya Nabanda siyembekeza mitambo. Koma pakagwa chinthu chowakhudza, kaya mwana wa mnansi wadwala, kaya kwaya yaimba nyimbo imene ankaimba akadali ndi mawu, ankandigwira pamkono n'kunong'ona kuti, "Undilirireko." Ine ndinkayesa nthabwala.

Atsibweni anamwalira m'miyezi yotentha ya chaka chimene tinavota koyamba zipani zili zambiri. Tsiku la votilo anabwera kunyumba akuonetsa chala cha inki kwa aliyense, ndi agalu omwe, ndipo anakana sopo mpaka inkiyo inachoka yokha. Mvula isanagwe, anagwa m'munda akusosa. Mtima unangoima.

Kulira aNagama analira. Ine ndinali pafupi nawo m'nyumba ya siwa, ndinaona mapewa akugwedezeka, ndinamva mawu osasa aja akuitana aphunzitsi mpaka anatheratu. Koma kumaso kunali gwa. Amayi obwera kudzakhuza ankalowa akulira, n'kugwada, n'kuyang'ana namfedwa kumaso, ndipo ankapeza masaya ouma ngati a munthu amene ali pamsika. Pofika nthawi yonyamula bokosi, nkhani inali itazungulira bwalo lonse. Maliro n'kulirana, choncho aliyense anayamba kukumbukira a kwawo: pa mwana wanga paja sanagwetse msozi, pa amayi anga paja anangokhala maso ali tong'o.

Amene anaipatsa miyendo nkhaniyi anali aNaphiri, amayi anga aakulu, mlongo wawo wa atsibweni. Musawaone ngati munthu woipa. Ndi iwo amene analera atsibweni, anawabereka kumsana, ndipo misozi yawo pa malirowo inali yeniyeni. Chisoni chikasowa kolowera chimafuna munthu. Tsiku lometa, pamaso pa mbumba yonse, aNaphiri anati, "Mwamuna wagwa m'munda osadwala, mkazi wake diso gwa. Amene sakulira akudziwapo kanthu." Liwu lenileni lija palibe analitchula, koma aliyense analimva. Ana anasiya kubwera kudzathyola magwafa. ANagama akafika kukasupe, amayi ankatunga mofulumira ngati asiya ndiwo pamoto. Ndipo mbumba inagwirizana kuti tikakolola, ankhoswe a ku Mvera aitanidwe adzatenge munthu wawo.

Ku Mvera kunangotsala ana a achimwene awo, amene ngakhale nkhope zawo sankazidziwa bwino. Koma si kusowa pogona kumene kunkawadya mtima. Tsiku lina ndinawapeza pakhonde, nsalu yonyowa ili pamaso, ndipo osaichotsa anandiuza kuti, "Nabanda, anthu anga onse ali pansi pa mitengo iyo. Ndikakhala pano ndimaiona, ndimadziwa kuti ali apo. Ku Mvera ndizikayang'ana kuti? Nanga ndikadzafa, ndikagona pakati pa yani?"

Kuchipatala tinapita, koma osati chifukwa cha mlandu. Diso lamanzere linachita kachilonda ndi fumbi la chaka chimenecho, ndipo ndinawakakamiza kukwera matola kupita kuchipatala cha mishoni. Kumeneko tinapeza dokotala watsopano, mayi wa kuno komwe amene makolo ake anathawa naye kunja nthawi ya chipani chimodzi, ndipo anali atangobwerera. Chichewa cha adokotalawo chinali chotsimphina, moti aNagama, pokhala mkazi wa aphunzitsi, anayamba ndi kuwakonza asananene chimene chawabweretsa.

Adokotala anaona diso, kenaka anayang'ana m'kamwa nthawi yaitali, anagwira masaya, anapinda zala. Anatulutsa bisiketi m'thumba n'kuti aNagama adye osamwera madzi. Anatafuna, anatafuna, mpaka dzanja linapita lokha pa kabotolo, maso akufunsa ngati anthu ophunzira amaseweranso chonchi ndi akuluakulu. Kenaka adokotala anapachika timapepala topyapyala m'zikope zam'munsi n'kuwauza kuti atsinzine. Anati mwa munthu wina aliyense timapepalato timanyowa ndithu. Potichotsa, tinali touma ngati mmene tinalowera.

"Amayi," anatero adokotala, "misozi munaiona liti komaliza?"

ANagama anayang'ana adokotala kumaso. Funso limeneli anali ataliwerenga kwa miyezi m'maso mwa anthu, koma aka kanali koyamba kulimva kwa munthu wofunadi yankho.

"Tsiku limene aphunzitsi anabwera kuchokera ku Dzaleka," anayankha. "Pambuyo pake inayamba kuchepa."

Apa ndibwerere m'mbuyo, poti ana amene akukula lero akamva Dzaleka amaganiza za anthu othawa nkhondo ndi timaokala tawo. Kale kunali ndende. Atsibweni anakalowako chifukwa cha denga lodontha. Mvula inkadonthera pa chithunzi cha mtsogoleri chimene chinali m'kalasi mwawo, ndipo iwo, pochisamala, anachitsitsa n'kuchiika chafufumimba pa tebulo kuti chisanyowe. Wina, amene mpaka lero sitimudziwa, anakanena kuti mphunzitsi wagwetsa boma pamaso pa ana. Za denga palibe anafunsa. Galimoto inabwera, ndipo atsibweni anasowa zaka zingapo. Nthawi imeneyo aNagama ndi aNaphiri anayenda limodzi mpaka pachipata cha ndendeyo atasenza ufa ndi mtedza, n'kubwezedwa osamuona munthu wawo. Amayi anga ankasimba kuti aNagama analira pamsewu pomwepo mpaka bulauzi inanyowa, ndipo amene anawapukuta ndi chitenje anali aNaphiri.

Adokotala anamvetsera aNagama akusimba zonsezi osayang'ana wotchi. Anapereka mankhwala a kachilonda ndi kabotolo ka madzi odonthezera m'maso, kenaka anapempha magazi. Magazi ena anati ayeza pompo, kuphatikizapo za matenda atsopano aja amene anali atayamba kumaliza anthu, poti nawonso amatupitsa masaya. Otsalawo anati awasunga m'firiji n'kuwatumiza kwa anzawo kumene anaphunzira, amene ankafufuza za matenda otere, koma pokhapokha eni magazi atalola. ANagama anapinda mkono wa bulauzi n'kunena kuti n'zamanyazi kuti magazi akwere ndege mwini wake asanaionepo chapafupi. Kumudzi, nkhani yoti magazi awo apita kunja inangosonkhezera moto.

Tinabwererako chimanga chitauma m'munda, masiku a ankhoswe atayandikira. Adokotala anatikhazika pansi n'kufotokoza pang'onopang'ono, akusakasaka mawu. Anati za matenda atsopano aja palibe. Anati thupi lili ndi asilikali ake olimbana ndi matenda, ndipo asilikaliwo amauzana kumene kuli mdani kudzera m'timapuloteni ting'onoting'ono toyenda m'magazi, timene ntchito yake ndi kunyamula uthenga. Anatchula dzina lake lachingerezi, masaitokaini, aNagama n'kuligwedezera dzanja kuti lipitirire. Mwa munthu wabwinobwino amithengawa amachuluka pakalowa matenda, n'kuchepa nkhondo ikatha. M'magazi a aNagama anapezeka ochuluka chonsecho mdani palibe, ndipo asilikali anali atazinga tiziwalo topanga misozi ndi malovu, n'kumatiwononga pang'onopang'ono.

ANagama anakweza chala, anamwa madzi.

"Mwati amithenga anyamula uthenga wabodza?"

"Tingatero, amayi."

"Asilikali osafunsa?"

"Safunsa."

"Nanga tiziwaloto tinalakwa chiyani?"

"Palibe. Tinkangogwira ntchito yake."

ANagama anayang'ana pawindo nthawi yaitali. "Ndiye kuti misozi yanga anaineneza," anatero. "Basi, ndamva. Za denga palibe anafunsa."

Adokotala anafulumira kuchenjeza kuti tisawamve mopitirira. Amithenga amenewa amachulukanso m'matenda ena ambiri, ndipo anzawo aja anali akuphunzirabe ngati angadalirike pozindikira nthendayi. Paokha sakanagamula kanthu. Koma pamodzi ndi timapepala touma tija, masaya, zala, ndi zizindikiro zina zimene zinapezeka m'magazi momwemo, zonse zinkaloza kumodzi. Mankhwala ochiziratu anati palibe, alipo ongofewetsa. Ine pomva zimenezo ndinayamba yanga ija, koma aNagama nkhope inawala. Anati adokotalawa analeredwa bwino ngakhale anakulira kwa eni, chifukwa samanga munthu ndi mboni imodzi. Adokotala atafunsa ngati alembe kalata yoti tikawerengere abale, aNagama anakana. Anati pepala la ku ofesi linalowapo kale pamudzi paja, ndipo linatuluka ndi aphunzitsi.

Tsiku losudzula kunali mwera, wonyamula fumbi ndi makoko a chimanga. Tinakhala pabwalo la nyumba yawo, amuna pamipando, ife pamphasa. Ku Mvera kunabwera nkhoswe ndi mwana wa achimwene awo, atavala jekete, akungoyang'ana pansi. Dengu la ziwiya zawo linali litatulutsidwa kale pakhonde. Ankhoswe athu analankhula mawu ofewa amene amalankhulidwa pa tsiku lotere, kuthokoza kuti anasamala m'bale wathu, kuti tsopano ndi omasuka, njira ili apo. ANagama anawomba m'manja mwaulemu n'kupempha kuti alankhule ndi aNaphiri.

"Alamu, za kumasulidwa ndamva, zikomo. Koma ndisanasenze dengu ndikufunseni. Pachipata paja, amene anandipukuta kumaso ndi ndani?"

ANaphiri anayang'ana kumbali, aNagama n'kupitiriza.

"Misozi ija munaigwira ndi dzanja lanu. Inali ya alongo anu omwewa. Kuchipatala andiuza kumene inapita. Akuti m'magazi mwangamu muli amithenga amene anakanena bodza kwa asilikali a m'thupi, asilikali n'kukatseka kumene kumachokera misozi, osafunsa. Alongo anu atawaneneza, inu ndi ine tinayenda wapansi kukawalirira. Misozi yanga nayo anaineneza, ili m'ndende m'thupi mwangamu, ilibe woiyendera." Anakweza chala, anamwa madzi, tonse tikudikira. "Kunenezedwa kawiri ndakupirira. Kachitatu kano, wonyamula uthenga musakhale inu."

ANaphiri anakoka fodya wawo wa m'mphuno, n'kunena mouma kuti za m'magazi iwo sazidziwa, kusukulu sanapiteko, ndipo anthu okulira kunja akhoza kunena chilichonse. Ndinataya mtima. Ankhoswe anayamba kukonza kukhosi kuti atseke nkhani.

Pamenepo mphepo inakuntha, fumbi n'kutiwaza tonse. Enafe tinaphethira, misozi inatsuka, zinatha. ANagama anagwira kumaso, anapapasa pachitenje n'kutulutsa kabotolo ka kuchipatala kaja, koma kunali kozizira, zala zitafufuma, ndipo chitsekerero chinawakanika. Anayesa ndi m'kamwa mopanda mano. Ndinadzuka kuti ndiwathandize, koma aNaphiri anali pafupi kuposa ine.

"Bweretsani kuno, mutaya mankhwala," anatero mokalipa.

Anatsegula, anawagwira pachibwano n'kuwapendeketsa mutu, anakanula chikope ndi chala. Ndikhulupirira kuti pa zaka zonse zija aka kanali koyamba kuti munthu wa pamudzi pathu asuzumire m'maso amenewo, osati kuwayang'anira patali. Anali ofiira ngati nyama, osanyezimira, fumbi litakhala pamwamba pake osasuntha. ANaphiri anaima chomwecho, botolo lili m'mwamba.

"Mayo ine," anatero chapansipansi. "Zimawawa?"

"Tsiku lililonse, alamu."

Anadontheza mosazolowera, moti anapyola muyeso. Madzi anasefukira n'kutsika m'masaya a aNagama. ANaphiri anawayang'ana, anakweza ngodya ya chitenje chawo n'kuwapukuta, kenaka analira iwo kulira kumene sitinakumve ngakhale pa maliro. Za ine musandifunse.

Kupepesa sanapepese, aNaphiri sanapepesepo munthu chibadwire. Atamina, anangotembenukira kwa ankhoswe n'kuti, "Alendo a ku Mvera apatseni chakudya abwerere kusanade. Nanga dengu ili likufuna chiyani panja? Mukulowa fumbi."

Kuchokera tsiku limenelo, m'mawa uliwonse aNaphiri ankadutsa bwalo kudzadontheza mankhwala, ndipo m'mawa uliwonse ankakangana: uyu akuti mukuphethira dala, uyo akuti dzanja lanu ndi la khasu. Mudzi sunasinthe tsiku limodzi, koma munthu amene aNaphiri amugwira pachibwano ndani akanamuloza chala? Ana anabwerera ku magwafa. Adokotala ankatenganso magazi nthawi ndi nthawi kuti aone ngati amithenga aja amachuluka zala zikatupa, ndipo aNagama polowa m'chipinda ankafunsa kuti akazitape aja akuti chiyani chaka chino. Atamva kuti magaziwo mwina angadzathandize kuti ena adziwike msanga mano asanathe, anati atenge okwanira, poti m'mapiri muno amayi a diso louma si iwo okha. Pa maliro a midzi ina aNagama ankazindikira amayi oterewa, ndipo ankadutsa anthu onse kukakhala pafupi nawo.

Woyamba kutsogola anali aNaphiri. Akudwala, anaitana alamu awo n'kuwauza ine ndikumva, "Pa maliro anga botolo la mankhwala a m'maso lija mulisiye kunyumba. Musadzavutike kundionetsa, ndinaona kale." Ndipo aNagama anakhala kumutu kwa bokosi, mapewa akugwedezeka, kumaso kuli gwa, popanda ndi mmodzi yemwe wowayang'ana kawiri. Anangondigwira pamkono. "Undilirireko, Nabanda." Tsiku limenelo ndi pamene ndinadziwa kuti zaka zonse zija sankanena nthabwala.

ANagama anapita m'nyengo yozizira ya chaka chatha, chifuwa chitawagwira masiku ochepa. A ku Mvera anabwera kudzapempha thupi monga zimakhalira ndi mtengwa, koma amayi a mbumba yathu, ena mwa omwe aja ankathawa kukasupe, anakhala pakhomo n'kunena kuti munthuyu ndi wathu. Anagona pafupi ndi ana awo, aphunzitsi ali chapamtunda, aNaphiri ali cha kumapazi, poti wina anati tisawatalikitse, angasowe wokangana naye.

Titamaliza chiliza, anthu akupita kukadya, ine ndinapatukira kunyumba kwawo. Simukhala munthu. Pakhonde, pa ngodya imene mwera sufika ndipo utsi wa kwa anansi sudutsa, dothi likadali losalala pamene ankayala kamphasa. Msomali umene ankapachikapo nsalu ya m'maso ulipo, wachita dzimbiri. Kamtsuko kamene sikankauma kali pomwepo, chikho chitavundikira pakamwa pake, ndipo nditasuzumira ndinapeza kangaude atamangamo. Ndinakhala pansi pamalo pawo. Ukakhala pamenepo mitengo ya kumanda imaoneka bwinobwino pakati pa magwafa ndi nkhokwe, ndipo tsopano m'kati mwake mukuyera simenti yatsopano. Palibe anandigwira pamkono, koma ntchito yanga ndinaidziwa, ndipo ndinalira ya anthu awiri.